Pomwe Kaseti Inathera

Akulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo ine mwambi umenewu ndinausunga kuposa malamulo khumi. Nkhope yanga si yoti munthu n'kuicheukira kawiri, koma mawu okha Mulungu sanandimane. Mpaka lero ndikaima ndi njinga yanga ya kabaza pamsika wa Mzimba Boma, pamapezeka wina woloza chala n'kumati, "Asi uyu ni mwimbi wa ku Joni yura?" Ine ndimangowerama n'kumatsina tayala ngati ndikuona mpweya. Si kudzichepetsa ayi. Ndi manyazi.

Bambo anga anali a ku Ntcheu. Anabwera kudzacheka matabwa ku Chikangawa, ndiye ine ndinakulira m'nkhungu ndi m'utuchi, Chitumbuka changa chili chopindika ngati thabwa losiyidwa pamvula. NyaTembo ndinamuona koyamba pa mpikisano wa makwaya pa Boma. Anali wa ku Engutwini, wamfupi, wosakonda kuseka ndi anthu achilendo. Koma atatsegula pakamwa tchalitchi chonse chinakhala chete, ngakhale ana a kumbuyo analeka kulira. Ine ndinkadziwa kuimba, iye ankadziwa kupanga nyimbo. Ankazitola akupalira, akusinja, akuchokera kumadzi. Titakwatirana amalume ake anatipatsa malo ku Engutwini komweko, ndipo kwa zaka zingapo panalibe ukwati kapena maliro m'dera limenelo opanda ife awiri.

Koma nyimbo sifolera nyumba. Nthawi imeneyo matipate anali atangoyamba, mapasipoti atayamba kupezeka, ndipo nyumba iliyonse yonyezimira malata inali ndi munthu wake ku Joni. Alamu anga akabwera patchuthi ankandigwira paphewa n'kumati, "Mulamu, ka denga ili tifolerenge na aleluya?" Ankaseka, nanenso ndinkaseka nawo, koma zinkandilowa. Mwana wathu Tawonga atangoyamba kuyenda, ndinakwera galimoto ya a Mhango, thilansipota wa kwathuko, amene ankatenga anthu popita ndi katundu pobwera. NyaTembo anandikazingira mtedza, nandiperekeza mpaka pamsewu mwana ali kumbuyo. Sanalire. Anangonditchula bambo a mwana m'Chitumbuka chake, nati, "Awiske Tawonga, mukafike makora. Mawu muleke kuwasiya ku mowa."

Ku Joni ndinafikira m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya munthu wina, mmene tinkagona amuna asanu ndi mmodzi. Amene anandisunthira malo pamatiresi ake anali Binwell, bambo wa ku Mzimba komweko, wamkulu kwa ine, wokonda kunena zinthu mosapsatira. Ndi iye anandipezera ntchito ya m'maluwa kwa mzungu wina. Ndinkadula kapinga, kutsuka dziwe losambiramo, ndi kutola ndowe za agalu awiri amene ankadya bwino kuposa ine. Miyezi yozizira manja ankang'ambika. Tikamva galimoto ya apolisi tinkalowa m'maluwa ngati abuluzi, chifukwa masiku a m'mapasipoti mwathu anali atatha kalekale. Wina akadwala tinkasonkha tonse, wina akachotsedwa ntchito ankadya m'mbale ya anzake. Za amuna amenewo sindinganene choipa.

Lamlungu tinkapemphera m'kalasi ya sukulu ina imene Amalawi ankabwereka. Kumeneko ndi kumene anandimvera mnyamata wina wa ku Kongo woimba kiyibodi, amene anali ndi kasitudiyo m'galaja. Anandiphunzitsa chamba chimene ankachitcha soul, choimba mokoka mawu, maso ali chitsinzire, ngati munthu wapwetekedwa m'kati. Loweruka masana tinkaimba zachikondi m'maukwati ndi m'malo odyera, Lamlungu za Mulungu. Akulu ampingo ankang'ung'udza kuti ndikutumikira mabwana awiri. Ine ndinkawayankha kuti pakhosi ndi pomwepa, zimangosiyana ndi za m'kamwa.

NyaTembo sankakonda kulemba makalata. Choyamba chimene ndinamutumizira chinali wailesi ya kaseti, ndiye tinkalankhulana pa makaseti. Ankadina batani n'kuyamba kufotokoza za chimanga, za mbuzi, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, kenako n'kupereka kwa a Mhango. Ndikaitsegula, chipinda chonse chinkakhala pansi kumvetsera tambala wa kwathu akulira. Pena pankamveka Tawonga akuti "adada, adada," akumenya wailesiyo ndi dzanja. Binwell ankapukuta maso n'kunamizira utsi wa sitovu.

Uthenga unabwera pa foni ya abwana anga m'mawa wina ndikuthirira maluwa. Anali amalume a NyaTembo, akuimba ali pa Boma. Tawonga anatentha thupi masiku atatu, lachinayi anapita. Anati akhoza kudikira ngati ndinganyamuke tsiku lomwelo.

Sindinapite. Ndinawauza kuti mapepala anga ndi oipa, ndikatuluka sadzandilolanso kulowa, ndipo zimenezo zinali zoona. Koma amuna angati a ku Mzimba anapita kukaika ana awo ndi mapepala oipa omwewo n'kubwereranso? Chimene sindinanene n'chakuti Loweruka limenelo tinali ndi ukwati waukulu, woyamba kuti dzina langa lilembedwe pa khadi. Ndinatumiza nsalu ndi shuga kudzera kwa a Mhango. Tsiku limene ankakwirira mwana wanga, ine ndinali nditavala tayi, ndikuimbira anthu odula keke. Ndanena poyera tsopano, ndipo ngakhale polemba pano nkhope yanga ikutentha.

Patapita miyezi iwiri a Mhango anandibweretsera kaseti. Inali yakale, imodzi mwa zimene ndinatumiza ine, ndipo NyaTembo anajambula kakumapeto kumene kunatsala malo. Munalibe moni, munalibe za chimanga. Anangotsokomola kamodzi n'kuyamba kuimba m'Chitumbuka, pang'onopang'ono, popanda woyankha. "Gona, Tawonga, gona mwana wane." M'Chichewa mawu ake ankati:

Gona, Tawonga, gona mwana wanga,
mphasa yako ndaipinda,
kapu yako ndaivundikira,
amene wakutenga sagona tulo.

Inali ndi ndime ziwiri zotero. Atayamba yachitatu anangofika pakuti, "Yesu, atate ake aka..." basi kaseti inati thapu, yatha. Ndinatembenuza mbali inayo, ndinangomva mawu anga omwe ndikusimba za mtengo wa nsapato. Atate ake akatani? Ine ndinadziyankha ndekha kuti ndi temberero. Mkazi amene waika mwana mwamuna kulibe angamupemphere chiyani kwa Yesu? Ndinaopa kufunsa, ndipo sindinafunse kwa zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko.

Ndinalira, zimenezo musandichotsere. Koma misozi ya munthu wofuna kutchuka imauma msanga. Tsiku lina ndinkaing'ung'udza nyimboyo m'galaja muja, wa ku Kongo uja n'kusiya zimene ankachita. Anati ndiibwereze. Anaika ng'oma pansi pake, anaifulumizitsa pang'ono, anawonjezera malipenga a m'kiyibodi. Ine ndinaitembenuzira m'Chichewa kuti igulidwe ndi ambiri, ndinachotsa dzina la Tawonga n'kuikapo "mtima wanga." Ndime yachitatu ndinapeka yanga, ya aleluya tidzavina kumwamba. Panafunika mawu a mkazi, ndiye tinatenga Loveness, mtsikana wa ku Blantyre wa m'kwaya yathu. Ndisazungulire: pamene tinkajambula, zovala zanga zinali zitasamukira kale kuchipinda kwa Loveness.

Binwell anamva chimbale chathucho m'chipinda chake chija ndisanayambe kugulitsa. Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pansi, kenako anazimitsa.

"Iwe," anatero, "iyi si nyimbo ya mlamu, ya pa kaseti ija?"

"Ndaikonza chabe, akulu. Uthenga ufike kwa anthu ambiri."

"Uthenga wa vichi? Ine ndinalira nayo nyimbo iyi m'chipinda muno. Lero wayika ng'oma kuti anthu azidumpha? Nyimbo ya maliro a mwana wako? Ndapota nawe, ukhale na soni, uchite manyazi."

Ndinamuuza kuti ndi nsanje. Munthu amene anandigawira matiresi ake, ine ndinamuuza kuti ndi nsanje.

Pa chikuto cha chimbalecho ndinavala suti yoyera yobwereka, Loveness atandigwira paphewa. Wosindikiza analemba pansi pake "Bambo ndi Mayi," ine ndinaona koma sindinakonze. Pa wopeka nyimbo panali dzina langa lokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nyimboyo inayenda. Amalawi a ku Joni ankaiimba m'matchalitchi, m'maukwati, ngakhale m'malo a mowa. Ndinasiya kutola ndowe za agalu. Ankatiitana m'matauni akutali, anthu akutiponyera ndalama tikuimba, amayi akulira pa ndime yoyamba n'kuvina pa yachitatu. Ndinkatsinzina maso, dzanja pachifuwa, ndipo anthu ankati m'busa weniweni ndi ameneyu. Makaseti opita kumudzi ndinaleka. Ndinkangotumiza katundu, mabulangete, mipando, mapoto, chifukwa katundu safunsa mafunso. Ndinkadzinamiza kuti Engutwini ndi kutali, chimbale sichingakafikeko.

Anakachifikitsa ndi a Mhango, ndipo anachita ndi mtima wabwino. Mathilansipota a kwathu ali ndi mwambo wawo: akamafika pakhomo ndi katundu amaliza hutala ndi kukweza wailesi, kuti mudzi wonse udziwe kuti mwana wa pano sanatchone chabe. Tsiku limenelo ananyamula malata anga, omwe aja ndinapitira ku Joni. Anaganiza kuti palibe nyimbo yoyenera kuposa ya mwini malata. Anandifotokozera okha atabwerako, atavula chipewa.

"Bwana mwimbi, ine ndalakwa chomene. Ndinafika pakhomo ndi nyimbo yanu, ndakweza. Ana kuvina, amama a m'mudzi kuvina, nthungululu. Ine n'kumati kwa NyaTembo, amama, pulikani afumu ŵinu, amuna anu, pa wailesi! Iwo anangoima ndi lichero m'manja. Mbwenu anati ndiwaonetse chikuto. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera ndi manja awiri. Anati yewo chomene. Malata anati tiwaike kuseri kwa nyumba."

"Sananene china?"

"Palibe. Koma ndikumva kuti kukwaya anasiya."

Pamenepo munthu wanzeru akanakwera galimoto yomweyo. Ine ndinakhalanso zaka zina. Chimbale chachiwiri ndinaika nyimbo zopeka ndekha, ndipo zinali ngati ndiwo zopanda mchere, anthu ankangofunsa kuti ija ya "Gona" ili kuti. Loveness anaona kumene mphepo ikulowera, anayamba kuimba payekha, ndipo sindimuimba mlandu. Ndinabwerera ku maluwa, ndi ku mowa umene NyaTembo anandichenjeza. Binwell anandilandiranso pamatiresi paja. Mapeto ake apolisi anandigwira ndikudikira basi. Anatisunga masabata angapo kumalo osungira alendo opanda mapepala, kenako anatikweza basi yobwera kuno. Ndinafika ku Mzimba ndi jumbo imodzi, m'kati muli suti yoyera ija, imene mwini wake sindinamubwezere.

Ku Engutwini ndinapeza ana amene ndinawasiya akukwawa ali ndi ndevu. Alamu anga ena anali atapita, ena atakalamba. Nyumba yathu inali yaudzu ngati kale. Malata aja anali kuseri, atatsamira khoma, dzimbiri litadya m'mphepete, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. NyaTembo anatuluka, imvi zitayamba m'mbali mwa duku. Anagwada patali, nati, "Mwafika, awiske Tawonga." Anandipatsa madzi osamba ndi chakudya. Sananditukwane, sanafunse za Loveness, sanatchule nyimbo. Ndikanakonda akanandigenda ndi mwala.

Madzulo ake amalume ake anabwera ndi ndodo yawo. Anati kwa ine mkamwini wawo, "Mkweni, mwambo mukuudziwa. Munthu amene maliro anamupeza ali kutali, akafika sayamba wayenda m'mudzi. Mawa m'mawa tikuperekezeni kumanda mukaone pomwe wagona mwana." Ndinavomera. M'mawa mwake ndinati mwendo watupa. Tsiku linalo ndinati ndikufunika pa Boma. Ndinazemba masabata atatu. Ndinkaopa kuti pamanda pamenepo NyaTembo adzamaliza ndime ija.

Lamlungu lachitatu ndinapita kutchalitchi, ndinakhala kumbuyo kwenikweni kumbali ya amuna. Koma munthu wotchuka sabisala. Nthawi ya zolengeza mkulu wampingo, mphunzitsi wina wochokera ku Dowa amene nkhani zathu sankazidziwa, anandiona.

"Abale ndi alongo, lero tadalitsika. Pakati pathu pali woimba wathu wa ku Joni, mwini wake wa nyimbo ija timaikonda tonse. Bambo, bwerani kutsogolo mutidalitse."

Achinyamata anaomba m'manja. Akuluakulu amene ankadziwa anangoyang'ana pansi. Miyendo inanditenga yokha, chizolowezi cha zaka zambiri. Ndinaima kutsogolo, ndinatsinzina, dzanja pachifuwa, n'kuyamba. Popanda ng'oma ndi malipenga nyimboyo inabwerera mwakale, pang'onopang'ono, monga inalili pa kaseti. Ndinaimba ndime yoyamba, ndinaimba yachiwiri. Achinyamata anayamba kugwedeza mapewa kukonzekera aleluya. Nditatsegula maso ndinamuona NyaTembo kumbali ya amayi, mzere wachitatu, manja ali pamiyendo, akundiyang'ana monga mmene amayang'anira mitambo nthawi yodzala.

Aleluya uja anakanirira pakhosi. Ndinayesa kawiri, osatuluka. 

"Abale," ndinatero, "nyimbo iyi si yanga. Sindinapeke ine. Anaipanga ndi NyaTembo, mkazi wanga, ali apo. Si ya mtima wanga ayi, ndi ya mwana wathu Tawonga, amene ine sindinabwere kudzamuika. Ndinaiba pa kaseti imene ananditumizira. Ndime yovina ija ndi bodza langa. Yeniyeni sindiidziwa, chifukwa kaseti inathera panjira."

Mphunzitsi uja anayang'ana m'buku lake la zolengeza ngati muli yankho. Ine ndinaima pamenepo, wamkulu mutu wa imvi, thukuta likutsika m'khosi. Ndinadikira kuti tsopano temberero lija lindipeze anthu onse akumva, ndipo ndinaona kuti n'koyenera.

NyaTembo sanaimirire. Anatsokomola kamodzi, ngati pa kaseti paja. Mawu ake anali atachita dzimbiri, poyamba anatuluka osweka, koma anali omwe aja. Anayambira pomwe kaseti inathera:

Yesu, atate ake akafika usawabweze,
sadziwa pomwe wagona mwana;
ndidzawalozera ndine,
adzazule udzu ndi manja awo.

Basi. Zaka zonse zimene ndinathawa, ndinkathawa zimenezi. Amayi ena anayamba kusisima. Ine ndinalephera kubwerera pamalo panga, ndinangokhala pansi pomwepo pasimenti, pafupi ndi mbale ya chopereka.

Titaweruka sanandidikire pakhomo la tchalitchi. Ndinamupeza kunyumba atavula kale nsapato za Lamlungu, atatumiza uthenga kwa amalume ake. Ndinayamba kuti, "NyaTembo, ndapota..." koma anandidula.

"Kupepesa mupepesenge kwa mwana. Tiyeni, zuwa lichali."

Tinayenda atatu, amalume patsogolo ndi ndodo, ine pakati, iye pambuyo. Titalowa m'mitengo ya kumanda amalume anaima nachotsa chipewa. Mitumbira inali yambiri kuposa mmene ndinaisiyira, ndipo ing'onoing'ono inalipo isanu ndi umodzi, yoyandikana. Isanu inali yolambulidwa bwino. Ndinaima pamenepo, bambo wa mwana, woimba wodziwika mpaka ku Joni, ndikuyang'ana uku ndi uku osadziwa kuti wanga ndi uti.

NyaTembo analoza wakumapeto, umene unali utamera udzu wofika m'mawondo.

"Chaka na chaka amalume amafuna kulambula," anatero. "Ine nkhakananga. Nkhati awiske ŵali pa nthowa, akubwera."

Ndinagwada n'kuyamba kuzula.